Ndiwo Zopanda Mcere

Kodi inu mumakonda maswiti? Ine ndimawakonda. Ndinayamba kuwakonda ndili wamng'ono ngati inu. Lero imvi zamera kumutu kwanga, koma ndikaona switi, mate amadzazabe m'kamwa. Ngakhale zili conco, pali tsiku lina limene maswiti anandicititsa manyazi kwambiri. Tsiku limenelo sindiliiwala.

Ndinali mu Giredi 3. Ine ndi mlongo wanga wamng'ono tinali kukhala ndi ambuya m'mudzi wina kufupi ndi Chadiza. M'mbali mwa mseu munali kasitolo kamodzi cabe. Pa thebulo la m'kasitolomo panali botolo lalikulu lagalasi. M'botolomo munali maswiti ofiira, acikasu ndi obiriwira. Pocokera ku sukulu, ife ana tinali kuima pakhomo ndi kumayang'ana botolo lija. Ndalama tinalibe. Tinali kudya ndi maso cabe.

Tsiku lina pa Ciweru ambuya anandiitana. Iwo anali kukonda kundiitana mwanthabwala kuti "amuna anga."

"Amuna anga, bwerani kuno. Mcere watha m'nyumba muno. Thamangani ku sitolo mukagule."

Anamasula mfundo ya pa citenje cao natulutsa ngwee 10. Ndalamayo anaipeza atagulitsa mazira a nkhuku yao. Masiku amenewo ngwee inali ndi mphamvu. Ngwee imodzi inali kugula switi imodzi.

Ndinathamanga mpaka ku sitolo. Nditalowa, maso anga sanapite kumene kunali mcere. Anapita ku botolo lija. Mtima unati, "Gulako imodzi cabe." Koma mwini sitolo atafunsa kuti, "Ufuna ciani, mwana iwe?" pakamwa panga panatuluka mau akuti, "Maswiti a ngwee 10."

Ndinakabisala kuseri kwa culu. Ndinadya yoyamba. Ndinadya yaciwiri. Kunzuna kwake, anzanga! Sindinasungireko mlongo wanga ngakhale imodzi. Maswiti atatha onse, m'pamene nzeru zinabwerera. Nanga mcere uja?

Ndinayenda pang'onopang'ono pobwerera kunyumba. M'njira monse ndinali kukonza bodza.

"Ambuya, ndalama ija yagwa mumcenga. Ndafunafuna koma sindinaipeze."

Ambuya anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana m'maso mwanga, kenaka anayang'ana pakamwa. Ine sindinadziwe kuti milomo yanga inali psuu ngati matimati akupsa.

"Oo, yagwa? Cabwino," anatero ambuya. Sanakalipe. Sanathyole kamtengo kondikwapulira.

Madzulo anaphika nsima ndi cibwabwa cotendera. Tinasamba m'manja ndi kukhala pa mphasa. Mlongo wanga anatema nsima, naumba nthongo, nasunsa m'ndiwo. Atangoika m'kamwa, anakwinya nkhope.

"Ambuya, ndiwo izi zilibe mcere!"

"Idya, mwana wanga. Mcere wathu wagwa mumcenga," anayankha ambuya mofatsa.

Mlongo wanga anayamba kulira. Anakana kudya. Analira mpaka tulo tinamugwira pomwepo pa mphasa. Ambuya anapitiriza kudya ndiwo zozizira zija mwakacetecete. Ine nsima inandikakamira pakhosi. Misozi inayamba kugwera m'mbale. Pamenepo ndinaulula zonse.

"Ndinadziwa kale," anatero ambuya. "Milomo yako inaulula masana iwe usanaulule. Manje tandiuza, maswiti aja walipira ndani?"

"Ndalipira ine, ndi ngwee zanu zija."

"Iai. Tamuona mlongo wako apo. Wagona ndi njala. Ameneyo ndiye walipira maswiti ako. Cokoma ciliconse pali amene amacilipira. Usanaike m'kamwa, uziyamba wafunsa kuti walipira ndani."

Uci wa ambuya

Usiku womwewo tinakhala awiri pa moto. Ine ndinali cete ndi manyazi. Ndiye ambuya anayamba kuseka okha.

"Usaganize kuti wayamba ndiwe kukonda zonzuna," anatero. "Ine pa utsikana wanga ndinali woposa iwe."

Anandiuza kuti pamene iwo anali mwana, kumudzi kunalibe maswiti. Ana anali kutafuna misale ndi nzimbe. Anali kutola masuku ndi masau m'thengo. Anali kumwa thobwa. Koma mfumu ya zonzuna zonse inali uci.

Tsiku lina ambuya ndi mlongo wao anamva mbalame ya nsadzu ikulira. Mbalame imeneyi imadziwa kumene kuli njuci. Imalira, n'kuuluka pang'ono, n'kutera pa mtengo wina, kudikira kuti munthu aitsatire. Anaitsatira mpaka anafika pa mtengo wamphako. Mlongo wao anayamba kusonkha moto, cifukwa utsi umafooketsa njuci. Koma ambuya sanathe kudikira. Anapisa dzanja m'mphako utsi usanalowe.

"Mayo ine! Zinandiluma paliponse. Nkhope inatupa, maso anatsekeka masiku awiri. Amai anga anangoti, walira mvula walira matope."

Ndinaseka mpaka kuiwala misozi. Ambuya anandiuzanso kuti akafula uci anali kusiyira nsadzu cisa cimodzi. Akuluakulu anali kunena kuti ukaimana, tsiku lina idzakutsogolera kwa njoka. Ngakhale mbalame inali kulandira malipiro ake.

"Nanga shuga munamuona liti, ambuya?" ndinafunsa.

"Ndili wamkulu kale, m'sitolo ya Amwenye ku Fort Jameson, kumene lero mumati ku Chipata. Ndinaganiza kuti ndi mcere. Nditalawa ndinadabwa. Ndinati, mcere wotani uwu wonzuna?"

Kodi maswiti anacokera kuti?

Nditakula ndinakonda kuwerenga. Ndinafuna kudziwa kumene shuga ndi maswiti zinacokera. Ndinapeza kuti ambuya anakamba zoona. Sindine ndinayamba, ndipo si iwo anayamba. Anthu akhala akufunafuna zotsekemera kuyambira kalekale.

M'dziko la Spain muli phanga lina kufupi ndi mzinda wa Valencia. Pa mwala wa m'phangamo pali cithunzi cimene anthu anajambula zaka pafupifupi 8,000 zapitazo. Cithunzico cionetsa munthu atakwera pamwamba, akufula uci, njuci zikuuluka momuzungulira. Nditaciona m'buku ndinati, "Awa ndi ambuya anga enieni!" Ku Egypt nakonso anthu akale anali kuweta njuci m'ming'oma yadothi. Anali kusakaniza uci ndi zipatso popanga zakudya zonzuna.

Nzimbe zinayamba kulimidwa pa cilumba ca New Guinea, kutali kwambiri kum'mawa, zaka zikwi zambiri zapitazo. Anthu a kumeneko anali kungotafuna, monga timacitira ife. Pang'ono ndi pang'ono mbeuyi inafika ku India. Anthu a ku India ndiwo anatulukira nzeru yofinya madzi a nzimbe ndi kuwawiritsa mpaka atauma ndi kusanduka timiyala tonzuna. Izi zinacitika zaka zoposa 1,500 zapitazo.

Dzina la shuga nalonso linayenda ulendo wautali. M'cinenero cakale ca ku India anali kunena kuti sharkara. Aarabu anati sukkar. Angerezi anati sugar. Ife tinamva kwa Angerezi ndipo tinati shuga. Aswahili amati sukari. Mwaona? Mau amodzi omwewo, koma aliyense amawachula monga lilime lake likufunira.

Aarabu anafalitsa ulimi wa nzimbe ku Egypt, kumpoto kwa Africa ndi ku Spain. Koma ku Ulaya shuga anali wosowa ndiponso wodula kwambiri. Anali kugulitsidwa pang'onopang'ono ngati mankhwala. Mafumu ndi anthu olemera okha ndiwo anali kumudya. Mwana wa munthu wosauka anali kukula mpaka kukalamba osalawako shuga.

Amene analipira ndi moyo wao

Mbali iyi ya nkhani ndi yomvetsa cisoni, koma ndi bwino kuti muidziwe.

M'caka ca 1493, Christopher Columbus anatenga mbeu ya nzimbe kupita nayo ku zilumba za Caribbean, kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic. Nzimbe zinakula bwino kumeneko. Zinakulanso bwino ku Brazil. Azungu anatsegula minda ikuluikulu. Anaona kuti m'shuga muli cuma cambiri.

Koma nchito ya nzimbe ndi yowawa. Ifuna anthu ambiri olima, odula, onyamula ndi owiritsa. Eni minda sanafune kulipira anchito. Conco anayamba kugula anthu ku Africa ngati akapolo. Pa zaka zoposa 300, anthu a mu Africa oposa 12 miliyoni anakwezedwa m'zombo atamangidwa maunyolo. Ambiri anafera panyanja. Ambiri mwa amene anafika anakagwira nchito m'minda ya nzimbe popanda malipiro, akukwapulidwa, mpaka imfa yao. Ena anagwidwa m'cigwa ca mtsinje wa Zambezi, nakwezedwa m'zombo pa doko la Quelimane ku Mozambique. Kumeneko si kutali kwambiri ndi kwathu.

Anthu a ku Ulaya anali kuthira shuga mu tiyi ndi kumwa mokondwera. Ambiri sanadzifunse kuti walipira ndani. Koma ena anafunsa. Ku England, m'zaka za m'ma 1790, mabanja ambiri analeka kugula shuga wolimidwa ndi akapolo. Anati sangadye cinthu cimene anzao akufera. Akapolo nawonso sanakhale cete. Ku Haiti anaukira eni minda, namenya nkhondo, ndipo mu 1804 dziko lao linakhala pa ufulu. Patapita zaka, ukapolo unathetsedwa m'maiko onse a kumeneko. Dziko la Brazil ndilo linali lomaliza, mu 1888.

Pamene ndinawerenga zimenezi ndinakumbukira mlongo wanga atagona pa mphasa ndi njala. Ine ndinamulanda cakudya ca usiku umodzi. Anthu aja analandidwa moyo wonse. Koma ciyambi cake ndi cimodzi: kufuna kunzuna, osasamala amene akulira.

Maswiti afika kwa ana onse

Mu 1747, munthu wina wa sayansi wa ku Germany, dzina lake Andreas Marggraf, anapeza kuti shuga alinso m'mbeu ina yochedwa beet. Mbeu imeneyi imabereka pansi ngati mbatata, ndipo imakula bwino m'maiko ozizira. Patapita nthawi, anthu a ku Ulaya anayamba kupanga shuga kwao komweko. Shuga anacuruka ndipo mtengo unatsika.

M'zaka za m'ma 1800 kunabwera makina ndi mafakitale. Maswiti anayamba kupangidwa ambirimbiri pa tsiku limodzi. Tsopano ngakhale mwana wa munthu wosauka anatha kugula switi ndi kakobidi kamodzi.

Kodi mudziwa mmene switi yolimba imapangidwira? Amasakaniza shuga ndi madzi ndi manyuci ena. Amawiritsa mpaka kutentha kufike pa madigiri 150. Kenaka amathiramo mtundu ndi fungo la zipatso. Zikayamba kuzizira amazidula m'tizidutswa. Tikauma, basi switi yatha. Mtundu umene amathiramo ndi umene unandiulula kwa ambuya!

Nanga cokoleti? Cimapangidwa kucokera ku njere za mtengo wa koko. Anthu a mitundu ya Maya ndi Aztec, ku Mexico ndi maiko oyandikana nako, anali kugwiritsa nchito njerezi kalekale. Iwo anali kumwa koko wowawa, nthawi zina wothira tsabola. Azungu ndiwo anaonjezamo shuga. Mu 1847 kampani ya Fry ya ku Bristol, ku England, inapanga cokoleti colimba cotafuna. Mu 1875 Daniel Peter wa ku Switzerland anapanga cokoleti ca mkaka. Lero koko wambiri pa dziko lonse amalimidwa mu Africa muno, maka-maka ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana.

Shuga wa kwathu

Kuno ku Zambia shuga wambiri amacokera ku Nakambala, ku Mazabuka, m'cigawo ca kum'mwera. Minda ya kumeneko inayamba m'zaka za m'ma 1960. Nzimbe zake amazithirira ndi madzi a mumtsinje wa Kafue. Kuyambira mu 1998, shuga wa m'nyumba wogulitsidwa m'dziko muno amathiramo vitamini A, amene amathandiza maso ndi kuteteza thupi ku matenda.

Tsiku lina ndinapita ku Mazabuka nthawi yodula nzimbe. Minda inali yaikulu, maso osaona polekezera. Ndinaona amuna ali ndi zikwanje m'manja. Munda amayamba autentha kuti masamba ouma apse, conco zobvala ndi nkhope zao zinali bii ndi mwaye. Dzuwa linali kuswa mtengo, thukuta lili kamukamu. Iwo si akapolo. Ndi anchito olandira malipiro, ndipo amadyetsa mabanja ao ndi nchitoyo. Koma ndi nchito yolemetsa. Kucokera tsiku limenelo, ndikamathira shuga m'phala ndimakumbukira manja ao.

Uci nawonso sunathe. Ku Kabompo ndi ku Mwinilunga, m'cigawo ca kumpoto cakumadzulo, anthu amapacika ming'oma ya makungwa m'mitengo. Uci wao ndi wabwino kwambiri, ndipo wina umagulitsidwa kunja kwa dziko. Mpaka lero wofula uci amalumidwabe ndi njuci, monga ambuya anga aja.

Dzino langa linalipira

N'cifukwa ciani tonse timakonda zonzuna? Cakudya cathu coyamba, mkaka wa m'mawere, ndi cotsekemera pang'ono. Cipatso cikapsa cimanzuna, cikakhala caciwisi cimawawasa. Shuga amapatsa thupi mphamvu msanga. Makolo athu akale, amene anali kuyenda mitunda yaitali kufuna cakudya, anali kupindula akapeza uci kapena zipatso zakupsa. Koma iwo anali kuzipeza mwa apo ndi apo. Ife lero tili ndi tuntemba pa ngodya iliyonse. Maswiti, mabisiketi ndi zakumwa za m'mabotolo zili paliponse.

Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine mwambi umenewu ndinaumvetsa ndili mu Giredi 6. Amalume anabwera kucokera ku Lusaka ndi thumba la maswiti. Ndinali kugona ndi switi m'kamwa usiku uliwonse, osatsuka mano. Sicinali ciyambi, pakuti mano ndinali kuwatsuka mwa kamodzikamodzi kuyambira kale. Patapita miyezi, dzino lina la kumbuyo linabooka. Linandiwawa usiku wonse. Tsaya linatupa. Ambuya anandiperekeza ku cipatala, ndipo dzino linazulidwa.

Adokotala anandifotokozera cimene cinacitika. M'kamwa mwathu muli tizilombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Nato timakonda shuga. Tikadya shuga wotsalira pa mano, timatulutsa asidi. Asidi ameneyu amadya dzino pang'onopang'ono mpaka libooke. Dzino la mwana wamng'ono likacoka, limamera lina. Koma dzino laciwiri likacoka, lapita basi. Langa lija silinamerenso. Mpaka lero lilime langa limapeza mpata pamenepo.

Shuga wambiri amanenepetsanso thupi mopitirira, ndipo kunenepa kotero kungabweretse matenda a shuga ndi a mtima munthu akakula. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, limati ndi bwino kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga pa tsiku. Botolo limodzi cabe la cakumwa conzuna lingakhale ndi shuga woposa pamenepo.

Sindikunena kuti musadyenso maswiti, iai. Idyani pang'ono, osati tsiku lililonse. Tsukani mano m'mawa ndi usiku musanagone. Mukafuna conzuna, kumbukirani kuti kuli nthoci, mango, mapapaya ndi masuku.

Ndinabweza ngongole

Mwina mufuna kudziwa mmene nkhani ya mcere inathera. M'mawa mwake ambuya anakapempha mcere pang'ono kwa anansi. Ine ndinawaona akupita ndi kambale m'manja, ndipo manyazi anandigwiranso. Sabata yotsatira, ndikaweruka ku sukulu ndinali kuthandiza aphunzitsi ena kusenda nsawa. Pa Cisanu anandipatsa ngwee 12.

Ndinapitanso ku kasitolo kaja. Botolo linali pamalo pake pomwe. Maswiti anali kundiyang'ana. Ndinameza mate.

"Mcere wa ngwee 10," ndinatero mofuula, kuti mtima usandinyengenso. "Ndi maswiti awiri."

Switi imodzi ndinapatsa mlongo wanga. Ina ndinapatsa ambuya pamodzi ndi mcere. Ambuya analandira ndi manja awiri.

"Zikomo, amuna anga. Iyi walipira ndani?"

"Ndalipira ine, ambuya. Taonani zala zanga."

Anayang'ana zala zanga zotupa ndi kusenda nsawa, nagwedeza mutu. Kenaka anaika switi ija pa mwala, naiphwanya ndi mpini wa mpeni. Kacidutswa kamodzi anadya iwo. Kena anandipatsa ine.

Kanali kacidutswa kakang'ono ngati njere ya cimanga. Ndinakamumunya pang'onopang'ono, pabwalo, popanda kubisala kuseri kwa culu. Madzulo amenewo mlongo wanga anadya nsima mpaka kunyambita mbale.

Yankhani mafunso awa

1. Kodi ambuya anatuma mdzukulu wao kukagula ciani?
2. Ambuya anadziwa bwanji kuti mnyamatayo wanama?
3. Kodi mbalame ya nsadzu imathandiza bwanji anthu?
4. Ndi anthu a dziko liti amene anayamba kupanga shuga kucokera ku madzi a nzimbe?
5. Fotokozani mmene shuga amaonongera mano.
6. Ambuya anati, "Cokoma ciliconse pali amene amacilipira." Chulani anthu atatu a m'nkhaniyi amene analipira cokoma ca ena.
7. Kambiranani ndi mnzanu: mukanakhala inu pa sitolo paja, mukanacita ciani?